Apaga Chimenecho

Lolemba
Chisanu cha Lichinga chayamba, zala zikukana kugwira singano. Ndatseka kashopu kanga ka utelala msanga. Lero ndili ndi pulani: kompyuta imene anandisiyira mwana wanga Tina popita kusukulu ku Nampula ilandira sistema yatsopano! Ikuyenda ngati chapa, minibasi yathu ija, yodzaza ikukwera mtunda wochokera ku Meponda.
Si kuti ndimaidziwa. Ndimaonerapo chinthu chimodzi basi, vidiyo ya malemu amake Tina, ndipo kulibenso kwina kumene ili. Akusenda mbatatesi pakhonde, ine ndikuwajambula, iwo akubisa nkhope uku akuseka: "Apaga chimenecho, bambo a Tina!" Ndimaitsegula pakudya kuti patebulo tikhale awiri. Masiku ano ikumadukaduka pakati pa kuseka, ndipo zimandiwawa.
Mnzanga wogulitsa mawailesi wandibwereka fulashi ya sistemayo. Akuti, "Mano, m'bale wanga, kumangodina polembedwa Continuar."

Lachiwiri
Zonse zikubwera m'Chipwitikizi. Changa ndi cha kumsika, paja sukulu ndinaphunzira ku Malawi tili kothawa nkhondo. Koma mawu awa sangandipusitse: Apagar disco e instalar. Apagar ndi kuzimitsa! Amake Tina ankandiuza tsiku ndi tsiku, apaga nyali, apaga wailesi. N'zomveka, ndani amakonza chinthu chili choyaka? Ndadina monyadira.
Kamzere kakukwawa bwinobwino. Kafika pakati. Magetsi, phethe!

Lachitatu
Magetsi abwera, kompyuta sinabwere. Chigalasi chili bii, pakona kadontho koyera kakungondiphethirira.
Zimene ndayesa:
kuzimitsa n'kuyatsa;
kuchotsa batire n'kulipukuta pamalaya;
kuuzira m'mabowo onse;
kuimenya pang'ono;
kuipepesa.
Nyemba ndadya ndekha. Supuni ikumveka kwambiri m'nyumba muno.

Lachinayi
Dona Amina, oyandikana nawo nyumba, asuzumira pampanda. "Chazizidwa icho, vizinyu. Chiikeni padzuwa." Ndaseka, kenako atalowa m'nyumba ndachiika. Tili pakhonde tonse awiri, ine ndi kompyuta, tikuothera dzuwa ngati odwala malungo. Ine ndatenthedwa, iyo ayi.
Ndaimbira Tina. "Papa, ndili mu aula, tikuphunzira, ndiimbabe." Sanaimbe. Ndipo akanaimba ndikanati chiyani? Kuti amayi ako akukana kuyaka?

Lachisanu
Ndaikulunga m'kapulana, chitenje cha kuno, ndakwera njinga yamoto mpaka kumsika waukulu, nditaifungatira ngati khanda lopita kusikelo. Wokonza ndi bambo wina wamagalasi, ali m'kachipinda kodzaza mawaya. Akuti sistema yakale inachoka, yatsopano inalowa mwendo umodzi, ndiye makina sakudziwa podzukira.
"Zimenezo n'zazing'ono, tiyo, malume anga. Koma munadina chiyani?"
Ndamuuza, mpaka ndamumasulira. Wavula magalasi, wandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti ndibwere mawa.

Loweruka
Apagar ndi kuzimitsa, inde. Apagar ndi kufufutanso! Mphunzitsi akamapukuta bolodi, akuti ndi apagar yemweyo. Eni chilankhulochi anawoloka nyanja zonse zija, koma anasowa mawu achiwiri?
Wokonza uja wafufuza m'disiki ngati mayi wosaka chakudya m'phulusa. Zimene zapulumuka:
homuweki ya Tina;
chithunzi cha mbuzi, sindikudziwa ya yani;
chithunzi cha makina anga osokera, kawiri.
Vidiyo palibe, sistema ya theka ija inakhala pamwamba pake. Akuti atha kumaliza kuika sistema, izithamanga ngati yatsopano. Izithamangira kuti? Ndaikulunganso m'kapulana. Wanjinga akundifunsa ngati mwana wapeza bwino.

Lamulungu
Kutchalitchi sindinapite. Ndaphika mbatatesi, ndaika kompyuta pamalo pake, ndaitsegula mwa chizolowezi. M'chigalasi chakuda muli bambo wina wa imvi akutafuna. Patebulo tilipo awiri ndithu, koma mnzangayo ndi wosasangalatsa.
Ndawasowa amake Tina, ndawasowa kwambiri. Kuseka kuja ndikukumvabe, koma ndikuopa kuti nako kuyamba kudukaduka.
Ndiye ndakumbukira. Iwo Chipwitikizi ankachidziwa bwino, anakulira konkuno. Tsiku la vidiyo lija anali ndi mpango wong'ambika, manja ali matope okhaokha. Zaka zonsezi ine ndimayesa ankati ndizimitse, osati ndifufute.
Chabwino, amake Tina. Ndachedwa monga mwa masiku onse, koma ndamvera.