Tsiku limene ndinathamangitsa mbalame ya apongozi

Pali dambo lina kunja kwa Glasgow kumene anthu akandiona amasiya kumwetulira. Sindiwadandaula.

Nthawi imeneyo ndinali pafupi kutumiza ankhoswe kwa makolo a chibwenzi changa, koma bambo ake anali asananene kuti inde kapena ayi. Iwowa ndi injiniya, Mmalawi amene wakhalitsa kuno mpaka anatengera matenda a azungu: kudzuka m'mawa nyengo yachisanu kukangoyang'ana mbalame (kuyang'ana basi, osabwera nayo ndi imodzi yomwe). Atandiitana kuti ndiwaperekeze kudamboko Loweruka, ndinadziwa kuti awa ndi mayeso.

Ndinavala suti ya kutchalitchi ndi nsapato zosongoka. Apongozi sukumana nawo utavala magambutsi.

Ndinatsika sitima nditachedwa, iwo atalowa kale. Mtsinje unali utasefukira, kanjira konse kali madzi okhaokha. Pofika pa kanyumba kamatabwa kamene anthu amabisalamo poonera mbalame, masokosi anga anali akulira fwa, fwa, zala sindikuzimvanso.

Ndinaima pakhomo n'kunena monga ndinaleredwera: "Odi!"

Zii.

Ndinabwereza mokweza. Kenako ndinalowa. M'katimo munali azungu angapo atakhala duu pabenchi, maso ali pa magalasi oonera patali, ngati pamaliro. Ndinayamba kuwapatsa moni mmodzimmodzi, wapamanja. Mayi wina anandipatsa dzanja osacheuka n'komwe (mumtima ndinati, ulemu kuno unatha).

Bambo aja anali kumapeto. Ndinanjuta pansi, suti ikudontha, n'kuwaombera m'manja katatu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Panja panamveka phuu! Abakha ndi atsekwe onse anadzuka. Pakati pawo panatulukanso chimbalame china chofiirira, chonga kakowa, chikuuluka mwaulesi kuchoka m'bango. Mkulu wina wandevu anatulutsa mawu amene sindingawalembe pano.

"Achimwene," anatero bambo aja motsitsa, "mbalame imeneyo ndaidikira mawinta atatu. Ndinali nditangoiona mutu."

"Pepani, bambo. Ibweranso."

"Ayi. Siibwera."

M'galimoto yawo, ulendo wonse mpaka kwawo ku Partick, amene ankalankhula anali mawaipa opukuta galasi okha. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinali nditayamba kale kuganiza mmene ndikamuuzire mtsikanayo kuti zakanika. Ataimika galimoto, anayang'ana nsapato zanga nthawi yaitali.

"Mwana wanga atandiuza kuti munaleredwa bwino ndinkayesa akungokukometsani," anatero. "Lero ndazionera ndekha, ndipo zandiwawa. Ankhoswe abwere. Koma inu Loweruka lililonse muzibwera nane kudambo, mpaka ndiione yonse."

Ukwati unachitika, mwana wathu wayamba kale kuyenda. Mbalame ija sinabwerebe.

Loweruka lililonse ndimakhala pabenchi paja, mano akugundana, pambali pa mkulu wandevu amene mpaka lero sindikudziwa ngati amadzuka bwino. Kumufunsa ndimafuna ndithu. Apongozi amandigwira bondo ndisanatsegule pakamwa.