Mphindi imodzi yoitanira anthu ku Perth

Lolemba

Ofesi ya ophunzira akunja pa yunivesite yandipatsa ntchito: ndijambule vidiyo ya mphindi imodzi yokopa Amalawi kuti adzaphunzire kuno ku Perth. Mzimayi wa muofesimo akuti ndimwetulire, ndinene zoona zokhazokha. Zonse ziwiri nthawi imodzi? Ndavomera, koma chimene ndavomerera sindikuchidziwa. Mwina ndi tisheti yaulere ija.

Lachiwiri

Ndajambula kuseri kwa laibulale. Ndapereka moni kwa:
amayi,
amalume a ku Kasungu,
abusa ndi amayi onse a mvano,
Esinati, namwino mnzanga amene ndinamusiya pa chipatala cha kwathu.

Mphindi yatha ndisanatchule n'komwe Australia! Mzimayi uja akuti moni yense achotsedwe. Ha! Ndilankhule ndi dziko lonse la Malawi osapereka moni? Anthu adzati ulemu ndinausiya mundege.

Lachitatu

Shifiti ku Midland, kunyumba yosamalira okalamba. Tonse otembenuza odwala lero ndife ana a sukulu ochokera kunja. Daliso wa ku Zambia, amene akuphunzira za migodi, akuti, "Kamba chabe ati kuli makangaru, bazabwela beka."

Gogo wina wandigwira dzanja, akuti pakanapanda ife bwenzi atawolera pabedi. Pobwerera, bambo wina mu sitima akudandaula mokweza kuti ophunzira akunja amaliza nyumba zonse za lendi. Ndiye tikufunika kapena tachuluka? Mutu wanga sukugwira.

Lachinayi

Chinthu chopita kugulu sichingatuluke akuluakulu asanachione. Ndatumiza vidiyo ija kwa amayi, moni wake ali momwemo. Kungoti chala chaphonya, yagwera m'gulupu ya banja lonse.

Azakhali akwiya kuti sindinawatchule. Amalume akufunsa ngati tishetiyo ilipo ya saizi yawo. Wina waitumiza kale ku gulupu ya tchalitchi. Mayo ine!

Lachisanu

Foni yatentha. Akufuna kubwera:
aphunzitsi anga a masamu,
mwana wa abusa,
abusa eni ake.

Ndakhala ndikuseka mpaka wafika uthenga wa Esinati: "Asisi, mafomu ake amapezeka kuti?"

Kuseka kwathera pomwepo. Pa chipatala paja tinalipo anamwino atatu. Mmodzi anapita ku Mangalande, ine ndili kuno, watsala Esinati yekha. Ndiye amayeza amayi shuga, ndiye amasunga mankhwala awo mu filiji ya chipatala, ndiye amapita kunyumba akaona kuti sanabwere. Akachoka iyeyu, amayi aona ndani? Ndili ndi mantha, ndisaname.

Loweruka

Nzeru zatsopano: vidiyo yachiwiri, yomugwetsa ulesi Esinati. Ndajambula kachipinda kathu kogona anthu atatu, ntchentche za pa siteji ya basi ku Welshpool, magolovesi a kuntchito, ndi nkhope yanga nditangoweruka. Ndatumiza.

Wayankha msangamsanga: "Getsi lomwe likuoneka kumbuyoko limayaka tsiku lonse? Nanga magolovesiwo mumavala atsopano pa wodwala aliyense?"

Ndagwira njakata. Ndimati ndikumuopseza, kani ndikumusonyeza kumwamba. Komanso manyazi andigwira. Khomo ndinatulukira ine ndi lomweli, lero ndikufuna kumutsekera mnzanga kuti azindisungira amayi. Ndikuitana anthu kapena ndikuwabweza? Ofesi nayo ikufunsa kuti vidiyo ili pati.

Lamulungu

Ku tchalitchi sindinamve kalikonse. Pa tebulo pali fomu yomwe ndinalemba mwezi watha, yopempha kutsala kuno ndikamaliza sukulu. Kwathu palibe amene akudziwa.

Ndaimbira amayi. Ndisanayambe n'komwe nkhani, iwo akuti, "Esinati wandiuza. Umuthandize mwana uja, watopa. Za ine usadandaule. Si unati zaka ziwiri basi? Ukabwera uzidzandiyeza ndiwe."

Ndangoti, "Eya, amayi."

Esinati ndamutumizira mafomu. Ku ofesi ndatumiza vidiyo yoyamba ija, ya moni wokhawokha, achite nayo zimene akufuna. Yakopa kale anthu, koma wotsimikiza ndi mmodzi, ndipo ndi yekhayo amene ndimapemphera kuti asaione.

Fomu yanga ikadali pa tebulo. Ndayikapo kapu ya tiyi kuti isauluke.