Mendulo ya Sajeni Pickersgill

Cuthbert Ramsbottom, amene ankadzitcha Jenerali ngakhale nkhondo yonse anaimenyera kunsi kwa bedi la azakhali ake, anaponya kakhadi ka m'paketi ya ndudu patebulo la mowa. Panali nkhope ya Sajeni Pickersgill, ngwazi ya m'tauni mwawo, yomwe inasenza anzake asanu ovulala zipolopolo zikuvumba.

"Werenga kuseriko, Khoswe. Mendulo ya mdalayu ku London ndi mapaundi handiredi."

Mnzake Wilf, Khosweyo, sankadziwa kuwerenga, koma anagwedeza mutu ngati loya.

"Nanga ajaji aja, bwana? Paja anati mukadzaonekeranso ndi zaka seveni."

"Iwe, mantha akowo! Mawa n'tsiku lokumbukira asilikali. Tauni yonse ikakhala kuchipilala, ife tizingolowa m'nyumba mwa mdalayu ngati kwathu."

Nzeru zimenezo! M'mawa mwake analowadi. Anagudubuza matiresi, anakhuthula madilowa, mendulo osaoneka.

"Bwana," anatero Khoswe, "kodi tsiku ngati lalero mendulo savala pachifuwa?"

"Tseka pakamwa!"

Jenerali wathunthu sakanatuluka chimanjamanja. Anatola kawotchi ka belu, n'kukabisa m'chipewa, n'kuvala.

Njira yothawira, mwa luntha lake lomwe lija, inadzera kuchipilala komweko. Atangofika pakati pa khamu, mzinga unalira: leveni koloko, mphindi ziwiri zokhala chete. Ngolo zinaima, akavalo anaima, amuna onse anavula zipewa. Onse kupatula mmodzi.

"Chipewacho, galu iwe," ananong'ona mayi wina wovala zakuda.

Cuthbert anangoti njo, chipewa chili kumutu. Pomwepo mutu wake unayamba kulira: ngrrrrr! Sajeni ankakatchera kawotchiko pa ola limeneli, kukumbukira anzake amene sanabwerere.

"Zimitsani, bwana, atigwira!" anakuwa Khoswe, kuchitira kuti naye asaiwalidwe.

Palibe anasuntha. Wapolisi amene anaima pambali pawo anangowapana majekete, wina dzanja ili wina ili, maso ali kutsogolo, mwaulemu wonse. Belu linalira mpaka kutopa lokha.

Lipenga litawomba, Sajeni anabwera akutsimphina, mendulo ili ngwee pachifuwa. Anamuvula Jenerali chipewa, natenga wotchi yake, naipukuta ndi mpango.

"Mphindi ziwiri zokha zakukanika kukhala phee, mwana wanga," anatero. "Usadandaule. Ajaji akakupatsa zaka seveni zophunzirira."