Sabata Yomenyera Nkhondo Lakrosi

Lolemba

Nkhani yabwino kuntchito! Pa nthawi ya nkhomaliro mnzanga wa mu labu ya chipatala wandionetsa nyuzi. Yunivesite ya boma ikuganiza zoyambitsa timu ya amuna ya lakrosi. Akuluakulu ake akumana Lachisanu ku Indianapolis, ndipo munthu aliyense akhoza kukalankhulapo. Aliyense! Ngakhale ine.

Takondwa, mwana wanga woyamba, amasewera lakrosi kusekondale kwawo, ndipo chaka chino akumaliza. Timabuku ta makoleji akutali tangodzaza patebulo, ena oti ukwere ndege ziwiri kuti ukafike. Ndikationa njala imatha. Tinachoka ku Zomba mwanayu ali kumsana. Kuno ku South Bend, ku Amereka, tilipo anayi basi: ine, mayi ake, iyeyo ndi mlongo wake Pempho. Achokeponso mmodzi?

Ndiye nzeru yandibwerera. Timu ikayamba, Takondwa alowa yunivesite ya boma, azisewera kumeneko, Loweruka azibwera kudzachapa zovala kwathu.

Pulani:
1. Kusonkhanitsa masiginecha kumpingo.
2. Kulemba sipichi yamphamvu.
3. Kukagona kwa alamu anga a Mbewe ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, Lachinayi.
4. Kukaonerako lakrosiyo kamodzi, ndidziwe chomwe ndikumenyera nkhondo.
5. Osamuuza Takondwa. Ikhale mphatso.

Nambala 4 ndi chifukwa cha mashifiti. Akamasewera ine ndimakhala ndili kuntchito. Ndodo yake ndimangoiona mugaraja, ili ndi kaukonde kunsonga. Akuoneka kuti ndi masewera aulemu, a ana oleredwa bwino.

Mayi a Tako amvetsera pulani yonse kwinaku akusita yunifomu. "Chabwino, bambo." Sanatukule mutu n'komwe.

Lachiwiri

Mayo ine!

Ndasinthana shifiti ndi mnzanga, ndabwereka kamera ya vidiyo kwa a Banda a kumpingo, ndapita kubwalo. Mphepo yolasa m'mafupa. Anyamata atulukira atavala zipewa za zitsulo kumaso ngati apolisi obalalitsa zipolowe. Ndadabwa. Kampira kamodzi kokhako, zida zonsezi?

Wezulo yalira.

Akumenyana! Ndi ndodo! Makolo awo akuona! Wina akuthamanga ndi mpira m'kaukonde, anzake akumukwapula m'manja, pamkono, m'nthiti. Ine ndikudikira kuti refa aimitse masewera aitane apolisi. Refa akungothamanga nawo.

Zomwe ndaona ndi maso angawa:
- mnyamata wagwetsedwa chagada, makolo awomba m'manja;
- mpira wolimba ngati mwala wandidutsa pakhutu;
- goloboyi waima pagolo miyendo ili pamtunda, anthu akumugenda ndi mwalawo, iye osathawa.

Kenako wina wakwapula mnyamata wamtali kumbuyo. Ndi Takondwa! Mpanda sindikudziwa kuti ndaulumpha bwanji. Ndangozindikira ndili pakati pa bwalo, kamera ikulendewera m'khosi, ndikukalipa m'Chichewa. Refa waponya kansalu kachikasu m'mwamba. Timu yathu yalangidwa chifukwa cha ine.

"Dad, please," watero Takondwa kudzera m'zitsulo za chipewa. Ndabwerera kumpando ngati galu wothiridwa madzi.

Choopsa chenicheni chabwera chigawo chachiwiri. Wokwapula kuposa onse pabwalo ndi mwana wanga! Ndodo yake ndi yaitali kuposa za anzake ambiri, ndipo akuidziwa ntchito yake. Mwana yemwe amaitana mayi ake akaona kangaude kubafa! Mayi wina wachizungu wanditembenukira, wati mwana wanga ndi chilombo. Ndatsala pang'ono kumuyankha, koma bambo wa pambali panga wati kuno kumeneko ndi kuyamikira. Ndathokoza.

Pulani ikupitirira. Ngati ndi kumenyedwa, bola azimenyedwera pafupi ndi kwathu.

Lachitatu

Mapemphero a pakati pa sabata kwa a Gondwe. Pabalaza podzaza, ena akhala pa masitepe. Itatha nyimbo ndapempha mpata, ndatulutsa pepala. "Abale, yunivesite ya boma ikufuna kuyambitsa timu ya anyamata ya lakrosi. Tiyeni tiithandize."

Ndisanapitirize, Mayi Gondwe aimirira, manja m'mwamba. "Aleluya! Timu ya Mtanda pa yunivesite ya boma! Amereka walapa!"

Iwo amva "krosi". Onse amva "krosi". Pepala layenda ngati mbale ya chopereka. Asayina onse, ena mpaka kusayinira abale awo a ku Michigan. Mkulu wina wadzipereka kuti azikaphunzitsa anyamatawo Baibulo Loweruka lililonse. Ine ndawasiya amve momwe amvera. Masiginecha ndi masiginecha.

Koma a Banda aona kamera yawo m'chikwama changa. "Si mwajambula dzulo? Tione nawo utumikiwo." Alumikiza ku TV ndisanawaletse.

Onse asendera pafupi.

Pa TV anyamata akuphwanyana. Kenako chithunzi chayamba kugwedezeka, udzu, thambo, udzu, nsapato za refa. Mawu okha ndiye akumveka bwino kwambiri. Mawu anga. Ena mwa iwo oti mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa n'komwe.

"Mtanda wake uli pati apa?" afunsa Mayi Gondwe.

Pepala layendanso, ulendo uno aliyense akufufuta dzina lake. Mayi Gondwe afufuta mpaka pepala kubooka. Kwatsala mayina awiri: langa ndi la a Banda, omwe ati sangafufute chifukwa sanasekepo chonchi chibwerere ku Amereka. Komiti ya mpingo ikufuna kundiona Lamulungu.

Lachinayi

Ulendo wa ku Indianapolis. Mapu ndinaprinta kuntchito, koma tsamba lomaliza latsala mu printa. Ndazungulira Beech Grove mpaka mayi wina wosesa pakhonde wayamba kundibayibitsa ngati m'bale wake.

Alamu andilandira bwino. Nkhuku, mpunga, nkhani za kumudzi. Kenako a Mbewe afunsa chomwe ndabwerera. Ndafotokoza monyadira, mpaka kuwawerengera ndime yoyamba ya sipichi.

Foloko ya a Mbewe yagwera m'mbale.

Ine sindimadziwa! Kuno kuli lamulo loti pa yunivesite anyamata ndi atsikana azikhala ndi mwayi wofanana pa masewera. Ukawonjezera timu ya amuna, kawirikawiri uyenera kuwonjezeranso ya akazi, apo ayi uchotsepo timu ina ya amuna. Ndipo mphekesera ikuti lakrosi ikalowa, yotuluka ndi timu ya othamanga. Timu ya Dalitso, mwana wawo, yemwe akuphunzira pa yunivesite yomweyo chifukwa cha miyendo yake.

"Ndiye alamu, mwayenda mtunda wonsewu kudzachotsa mwana wanga sukulu, n'kudyanso nkhuku yanga?"

Nawonso akukalankhula mawa. Mbali inayo.

Ndaimbira mayi a Tako kuti bwanji sanandichenjeze, poti a Mbewe ndi alongo awo. Yankho: "Munandifunsa?"

Chipinda cha alendo mwadzidzidzi chapezeka kuti mwadzaza katundu. Andiyalira pa sofa pabalaza, moyang'anizana ndi shelefu ya zikho ndi mamendulo a Dalitso. Pali ndi chithunzi chake ali wamng'ono, ine nditamunyamula pa ubatizo. Sipichi ndaiwonjezera ndime yoyamikira othamanga.

Lachisanu

Galimoto ya a Mbewe yakana kulira. Ndawanyamula ine. Adani awiri m'galimoto imodzi, aliyense pepala lake m'thumba, kukambirana za nyengo. Taye yanga yatsala ku South Bend. Andibwereketsa yawo.

Holo yaikulu pakati pa tauni, kapeti yoti phazi limamira. Akuluakulu akhala mondondozana, aliyense ndi botolo la madzi. Mlembi walengeza kuti wolankhula aliyense ali ndi mphindi zitatu. Zitatu! Kwathu zimenezo ndi zokonzera kukhosi.

Olankhula:
- bambo wa suti yodula: lakrosi ibweretsa ophunzira atsopano ndi mbiri yabwino;
- pulofesa wa tsitsi losapesa: denga la labu yake likudontha, bwalo latsopano ndi la chiyani?
- mtsikana wa timu yosambira: "Nanga ife atsikana?" Wakhala pansi. Holo yonse m'manja;
- a Mbewe: za Dalitso kudzuka m'mamawa kukathamanga m'chisanu, pa sinowo, kuti asataye malo ake pasukulu. Ndapezeka ndikuwomba m'manja, ine mdani wawo, taye yawo ili m'khosi mwanga.

Kenako dzina langa, lotchulidwa mokhota moti ndayamba ndacheuka kuona ngati aitana wina.

Ndayamba monga mwa mwambo. Ulemu kwa wapampando. Ulemu kwa wachiwiri wawo. Ulemu kwa mamembala onse mmodzimmodzi, aphunzitsi, ophunzira, makolo, alamu anga a Mbewe ndi banja lawo lonse. Ndathokoza Mulungu potiyendetsa bwino pamsewu. Ndikuti ndinene mawu oti "lakrosi", belu ngriii!

Wapampando wamwetulira. Wafunsa ngati ndikuvomereza kapena ndikukana, kuti mlembi alembe.

Ndayang'ana a Mbewe. Ndayang'ana mtsikana wosambira uja. Ndati, "Ndinali ndisanafike pamenepo." Holo yonse kuseka. Mlembi walemba kanthu, sindikudziwa kuti chiyani.

Chigamulo: akhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyi. Panja ndamufunsa mlembi kuti zikatheka timu iyamba liti. Wati ngakhale akanavomereza lero lomwe, pofika pokonza bwalo, kupeza kochi ndi osewera, ana omwe akumaliza sekondale chaka chino adzakhala akuvala kale magauni a digiri.

Ndakhala pa masitepe ndi suti yomwe. A Mbewe apita kukandigulira khofi.

Loweruka

Ndafika kunyumba Takondwa akudziwa kale zonse. Dalitso wamutumizira uthenga pafoni, ndi ndime ya moni yomwe.

Wandikhazika kukhitchini ngati mwana ndine. Walankhula Chingerezi chake chothamanga chija, ine ndikungotola:
- kukoleji sakufuna kusewera lakrosi, pano amangosewera chifukwa anzake ali mmenemo;
- akufuna kuphunzira za zamoyo za m'nyanja ya mchere;
- kuno ku Indiana kulibe nyanja ya mchere;
- sukulu ina ya ku Oregon yamutenga kale;
- mayi ake akudziwa.

Oregon! Ndatenga mapu a kusukulu a Pempho. Chala chayenda, chayenda, mpaka dziko kutha.

Ndafunsa mayi a Tako chifukwa chomwe andibisira. Ati mwana anapempha kuti adzandiuze yekha, ndipo sabata yonseyi wakhala akufuna mpata, koma ine ndinali wotanganidwa kumukonzera tsogolo.

Ndakwiya. Ndanena zambiri, za mashifiti, za sinowo yemwe ndakhala ndikukumba ndi fosholo zaka zonsezi, za ana a masiku ano othawa makolo awo. Ndati ife sitinkatero. Pamenepo ndadziimitsa ndekha, ndakumbukira. Bambo anga anandiperekeza pa depoti ya basi ku Zomba atavala jekete lawo la kutchalitchi, podziwa kuti ndikupita kutali koti mwina sadzandionanso. Sanasonkhanitse siginecha ya munthu. Anangondinyamulira chikwama.

Kenako Takondwa wayesa Chichewa, chomwe anachisiya pakamwa atangoyamba sukulu. "Adadi, ine ndipita. Koma ndibwera kwa Khirisimasi. Musadandaule inu."

Chichewa chothyoka miyendo, koma chafika. Ndapita kugaraja kukayang'ana oyilo wa galimoto yemwe ndinayang'ana kale dzulo.

Lamulungu

Komiti ya mpingo. Ndapepesa za mawu a pa vidiyo. Andikhululukira, koma zolengeza za mpingo aziwerenga a Banda m'malo mwanga mpaka Pasaka. Mayi Gondwe andipempherera atandipana mutu mwamphamvu ndithu. Panja ndamva anthu akunditchula kuti "a Mtanda". Dzinali likhala. Ndimawadziwa Amalawi.

A Mbewe aimba foni. Ati taye ndisunge. Timu ya Dalitso ilipobe mpaka komiti idzamalize ntchito, ndipo makomiti a kuno, ati, sasiyana ndi a kwathu.

Masana Takondwa wanditengera kuseri kwa nyumba, wandipatsa ndodo. Waponya mpira pang'onopang'ono ngati akuponyera khanda. Woyamba wadutsa. Wachiwiri wadutsa. Wachitatu ndaugwira ndi chipumi. Waseka mpaka kugona pa udzu, ndipo ndazindikira kuti papita nthawi ndisanamumve akuseka chonchi ine ndili pompo. Ndikulemba izi paketi ya nandolo wa mufiriji ili pachipumi.

Foni yaliranso. Kochi wa Takondwa. Ati makolo onse amva kuti ndinapita mpaka ku Indianapolis kukamenyera nkhondo lakrosi, ndipo kholo lodzipereka chonchi sanalionepo. Akufuna ndikhale wapampando wa makolo okankha nkhaniyi kufikira yunivesite idzavomere. Zaka zingapo basi.

Ndayang'ana pawindo. Takondwa akuyeza jekete langa lakale lamvula, poti ku Oregon akuti imagwa osaleka. Lamukwana.

Ndavomera. Nanga mwanayu akapita, madzulo ndizidzatani?

Mwana akupita kunyanja, lakrosi yatsala ndi ine. Msonkhano woyamba ndi Lachinayi. Ati wapampando ndiye amabweretsa madonasi.