Anandiphera Kondakitala Wanga

Amene anandilakwira ndi a Mtambo, mlembi wa masewero a pa TV kumudzi kuja. Anandiphera Mabvuto. Zimene zinatsatira, mpaka lero ndikazikumbuka thukuta limayambira m'khwapa.

Ine ndimalondera nyumba zosungira katundu ku Jebel Ali, kuno ku Dubai, ndipo sewero lawo ndimaonera pafoni m'basi ya kampani. Mabvuto anali kondakitala wa minibasi m'seweromo, wolongolola ngati ine, sukulu analekera panjira ngati ine. Tsiku lina gawo latsopano likungoyamba, anthu ali kale pamaliro ake. Ati malungo. Osationetsa n'komwe akutentha thupi! Ndinakuwa m'basimo mpaka mnzanga wa ku Nepal anafunsa ngati kwathu kwagwa zovuta.

Mkwiyo wonse ndinakautsanulira pagulupu yathu ya Amalawi a ku Dubai. Ndinayambira masewero awo akale a pawailesi (amenewo ndinawayamikira, chilungamo ndili nacho), kudzera filimu yawo ya mayi wamasiye, mpaka kufika pa Mabvuto. Mfundo yanga inali imodzi: a Mtambo nkhani ikawakanika, amapha munthu. Ndinalemba zigawo zinayi. Anthu anayamba kunditcha pulofesa, ine wa Fomu 2, mutu n'kumakula.

Tadala yekha, namwino amene ndikufuna kumukwatira, sankaseka. Ndinkangoti watopa ndi ntchito.

Kenako anandiuza kuti bambo ake abwera kudzamuona, akufuna andidziwe. "Ndi mphunzitsi wopuma," anatero. "Chonde, Lamlungu pakamwa pakopo upasiye ku Jebel Ali."

Ndinafika ku Mirdif, kwa azakhali ake, nditavala jekete yobwereka, dzuwa la kuno mukulidziwa. Moni ndinapereka ndi manja awiri, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, maso pansi. Mdala anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa mapepala m'chikwama.

"Mtambo uja ndine, dzinalo ndi lolembera chabe," anatero. "Mdzukulu wanga wina ananditumizira izi. Maso anga anafooka, tandiwerengerani, apulofesa."

Abale, zinali zolemba zanga za pagulupu zija. Ndinayang'ana Tadala ataima pakhomo la khitchini, iye n'kungonong'ona kuti, "Yalla, fulumira, werenga."

Ndinawerenga. Za pawailesi zija mdala ankagwedeza mutu, ine mtima n'kutsikako pang'ono. Koma ndinkadziwa chimene chikudikira patsamba lachitatu. Nditafikapo ndinayamba kung'ung'udza.

"Kwezani mawu."

"Mdala ameneyu," ndinawerenga, jekete itanyowa kumsana, "akanangosiya zolemba n'kutsegula shopu ya mabokosi a maliro."

Azakhali anathawira kukhitchini atagwira pakamwa.

"Mukudziwa chimene Mabvuto anafera?" anafunsa modekha. "Mnyamata amene ankasewera ngati Mabvuto anathawira ku Joni osatsanzika, kutatsala masiku awiri kuti tijambule. Ndiye inu amene mukufuna mwana wanga, mawu anuwa mukuwabweza kapena ayi?"

Tadala ankandipempha ndi maso. Zinali zosavuta: kupepesa, khalas, nkhani yatha, tidye mpunga. Ndinakonzadi zotero, mawu onse anali okonzeka pakhosi.

Musanandiweruze, dziwani kuti chilango ndinalandira kale. Tadala anatha masabata awiri osandiyankha, pano wayambako, koma ndi mawu amodziamodzi. Za ukwati mdala anati akandiyankha akafika kumudzi, ndipo foni ikangolira ndimadzidzimuka. Ndaphunzira kufunsa ntchito zonse za apongozi, osati imodzi yokha. Zogwira pakamwa ndiye sindinaphunzirebe, chifukwa tsikulo ndinagwada bwinobwino, manja pamodzi, n'kunena kuti:

"Bambo, za mabokosizo pepani, ndinalakwa. Mwana wanu ndimamukonda. Koma munthu wathawira ku Joni, inuyo osangolemba kuti Mabvuto wapita ku Joni bwanji?"