Ndowe za Hamish m'Mabotolo Asanu ndi Limodzi

Ku khola la akavalo lina kunja kwa Glasgow kuli lamulo latsopano lolembedwa pakhoma, ndipo ngakhale silitchula dzina, aliyense kumeneko amadziwa kuti analembera ine.

Mwana wanga Tadala, wa zaka khumi ndi zisanu, amakonda akavalo. Sindidziwa anatengera ndani, poti kwathu ku Ntcheu chokwera chinali njinga basi. Amasamalira kavalo wina dzina lake Hamish, wa mayi wina wokalamba amene anasiya kukwera. Kholalo ndi la anthu angapo: aliyense ali ndi kavalo wake, koma busa ndi limodzi, ndipo woyang'anira ndi Mayi Fiona, munthu wosaseka wamba.

Kumeneko sapatsa ziweto mankhwala a nyongolotsi mwachisawawa monga tinkachitira ndi ng'ombe za bambo anga. Amati mukamamwetsa kawirikawiri, nyongolotsi zimazolowera. Ndiye pakapita miyezi ingapo, mwini kavalo aliyense amaika ndowe m'kabotolo kolembedwa dzina, n'kutumiza kulabu kuti akawerenge mazira a nyongolotsi. (Inde, alipo munthu amene amadzuka m'mawa, n'kuvala bwinobwino kupita kukagwira ntchito imeneyo.)

Tsiku lotenga ndowe, Tadala anali ndi mayeso. Ine ndinali pa ofu, ntchito yanga ndi yoyendetsa basi.

"Dad, kabotolo ka Hamish kali pashelefu. Just fill it, please. Zatsopano, osati zadzulo."

"Iwe, ndinayamba kuzira ndowe amako asanakuganizire n'komwe," ndinamuyankha.

Ndinanyamuka ku Shawlands m'mamawa, ndipo ndinafika kukhola kulibe munthu. Hamish anali atandikonzera kale mulu wabwino, wofuka nthunzi. Ndinadzaza kabotolo kake. Kenaka ndinaona pashelefupo timabotolo tina tisanu, topanda kanthu, eni ake asanabwere. Kunja kunali mvula ija ya kuno yosadziwa kukata. Ndinaganiza: anthuwa akafika atatopa, ayambenso kusakasaka ndowe, chikhalirecho ine ndili ndi mulu wonsewu? Kwathu ukamaliza mzere wako m'munda, umalowa mumzere wa mnzako. Ndinadzaza tonse tisanu, n'kutseka bwino, n'kutiika m'bokosi lotumiza. Sindinauze munthu, poti zabwino sachitira kulengeza. Eni ake atafika, aliyense anaganiza kuti Mayi Fiona amuchitira chifundo, Mayi Fiona nawo anaganiza kuti anthu ayamba kusunga nthawi.

Lachinayi zotsatira zinabwera. Akavalo onse asanu ndi mmodzi anali ndi nyongolotsi zochuluka, manambala ake oyandikana ngati amapasa. Mayi Fiona analemba pagulu la pafoni kuti m'zaka zawo zonse sanaonepo zotere. Busa litsekedwe, akavalo onse amwe mankhwala, ndipo palibe wotuluka pakhomopo kwa masabata awiri. Loweruka la sabata yotsatira kunali mpikisano wodumpha mipanda, woyamba kwa Tadala, umene anakonzekera chilimwe chonse. Mtsikanayo anakhala patebulo osakhudza chakudya.

Ine ndinafunsa mwaulemu ngati kulabuko amatha kusiyanitsa ndowe za kavalo uyu ndi uyo. Mayi ake Tadala, amene ndi namwino kuchipatala cha ku Govan, anaika supuni pansi.

"Bambo a Tadala, mwachita chiyani?"

Ndinafotokoza. Ndinatchulanso za mvula.

"Ndiye kuti ine nditenge mkodzo wa wodwala mmodzi, ndigawire wodi yonse, chifukwa enawo akugona?"

"Izo ndi zina. Akavalowa amadya msipu umodzi."

"Inuyo ndi ine timadya mbale imodzi. Shuga ali ndi ndani?"

(Ali ndi ine.)

Apa ndi pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito, mochedwa ngati basi ya Lamulungu. Ngati ndowe zonse zinali za Hamish, ndiye kuti nyongolotsi zonsezo zinalinso za Hamish. Ndikakhala chete, onse atsala pakhomo, mlandu n'kugwera busa. Ndikaulula, enawo apita kumpikisano, wotsala n'kukhala mwana wanga yekha. Ndinayang'ana Tadala. Iye anali atawerengera kale zimenezi ine ndisanafike.

"Mawa mukawauze," anatero. "Nokha. Ine ndikhala m'galimoto."

Mayi Fiona anamvetsera mpaka kumapeto atagwira fosholo. Sanakalipe. Anangofunsa kawiri ngati ndinadzazadi timabotolo tonse tisanu dala, kenaka anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Analamula kuti ayezenso, ndipo popeza ndinaonetsa kuti ndimakonda kuthandiza, ntchitoyo inakhala yanga: kuima kumbuyo kwa kavalo aliyense mpaka achite yekha ndikuona, iwo ataima potero ngati mboni. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene ananena mawuwa sanadikirepo kavalo wamkazi wamanyazi kwa maola atatu, mvula ikulowa m'khosi.

Zotsatira zachiwiri zinatuluka monga tinkayembekezera. Asanu aja analibe vuto. Hamish anamwa mankhwala n'kutsekeredwa kumpanda wakewake. Pakhoma panalembedwa lamulo lija: aliyense azidzaza kabotolo ka kavalo wake yekha.

Loweruka la mpikisano Tadala anapitabe kukhola. Anathandiza anzake kuluka manyenje a akavalo awo, kupukuta zishalo, kukweza akavalo m'lole. Jekete yake yatsopano inatsala kunyumba mupulasitiki. Lole itatuluka pageti, anatenga wilibala n'kupita kukayeretsa mpanda wa Hamish. Ndinamutsatira ndi fosholo.

"Mwanangu, ndimafuna kungothandiza."

"I know, Dad." Anatambasula dzanja n'kundilanda fosholoyo mofatsa. "Khalani apo. Musathandize."

Ndinakhala pa belo la udzu mpaka anamaliza. Kunena zoona, ngodya ina anaisiya yosayera bwino, ndipo manja ankandiyabwa. Ndinawakhalira.