Kachewere wa a Ngozo

Mu Meyi chaka chatha mbumba ya mkazi wanga ku Tsangano inakumba kachewere wokwana 1,000,001. Wokayika akafunse. Ine ndinaphunzitsa masamu mpaka kupuma ntchito, zokokomeza ndimadana nazo, ndipo nkhaniyi sindiinena monyada.

Munda unali wa mbumba yonse, koma abale anali atayamba kukangana, aliyense akufuna chigawo chake. A Ngozo, atsibweni a mkazi wanga, omwe ndi eni mbumba, anaima pafupi ndi mulu nati: "Tigawana pokhapokha milu ikafanana, osatsala ndi mmodzi yemwe. Ndipo nambala imeneyi siigawika. Tizidyera pamodzi."

Mkamwini wanzeru akanayang'ana pansi. Ine ndinavula jekete.

Ndinayala kachewere m'mizere 1,000, mzere uliwonse 1,000, mpaka bwalo linatha, msewu unatsekeka, mizere yomaliza inaolokera ku Mozambiki, ndipo mmodzi anatsala m'manja mwanga. Mukumva? Ndinagawa pawiri, anatsala mmodzi. Patatu, anatsala awiri. Pa 7, pa 11, pa 13, awiri omwewo akundiyang'ana, ine ndikuthamanga pakati pa milu mwaliwiro loti chithunzithunzi changa chinatopa n'kukakhala pansi pa mtengo wa pichesi kundidikira, zala zinatentha mpaka kachewere wina anapsa ndipo azimayi anabwera ndi mchere, fumbi linakwera mpaka ku Boma la Ntcheu akabaza anayatsa nyali masana. Ndinaiwerenga nambalayo kuchokera kumanja, inatuluka yomweyo, ngati munthu wokana mlandu. Mukumva? Pofika pa 97 lilime linali litauma ngati chikopa, koma sindinaleke.

Pa 101 inagonja. Milu 101, uliwonse wa kachewere 9,901, pansi osatsala kanthu. Ndinafuula kuti nambalayi si yosagawika ayi, ili ndi makolo awiri, 101 ndi 9,901, ndipo awiriwo ndiwo osagawika. Ndinadikira nthungululu.

Mlamu wanga wina anawerenga anthu a mbumba, ndi makanda omwe. Anakwana 101.

Matumba anatuluka nthawi yomweyo. Wina anati, "Ngati kachewere wagawika, munda ungakanike bwanji?" A Ngozo anandiyang'ana koyamba chikwatirireni mwana wa mlongo wawo.

"Akamwini, alipo anakufunsani?"

"Ayi, atsibweni. Koma masamu..."

"Masamuwo adzakulimirani."

Mwina chithunzithunzi changa sichinakhale pansi, pamenepo sindikangana nanu. Koma chulukitsani 101 ndi 9,901 muone nokha. Sindinaphonye, ndipo manyazi anga ali pamenepo.

Lero mundawo uli ndi malire ponseponse. A Ngozo amadya okha pakhonde, ndipo tikakumana panjira amapatsa moni mkazi wanga yekha.